Ndinakana Kubwereza Mawu pa Foni

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma pakamwa ali bwino ndithu.

Munati mwana wanu akufuna mbiri ya siteshoni yathu kuti akalembe kusukulu. Muuzeni kuti nthawi ya bambo pankaima sitima zisanu ndi imodzi pa tsiku, belu likulira, onyamula katundu ali mu yunifolomu. Lero ya anthu imabwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi. Ya katundu imangodutsa ngati tinayambana nayo. M'chipinda chodikiriramo anthu olemera muja mumagona mbuzi za mlonda. Mbiri yake ndi imeneyo, akakhoza.

Tsopano imvani yanga.

Lamulo mukulidziwa. Siteshoni ya kumtunda ikaimba foni kuti sitima ikufuna kunyamuka, wolandira abwereze mawu onse, liwu ndi liwu. Akapanda kubwereza, sitima siichoka kumeneko. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikubwereza ngati mwana wa sitandade wani. Ine amene ndinangotsala ndi chaka chimodzi ku yunivesite, muja munati ntchito yanu singasiyike ndipo bambo sangadzisambitse okha, ine n'kubwerera kuno kudzawasamala, mpaka kulowa ntchito yawo.

Lachisanu lapitali anaimba a Chipewa, mkulu wa kumtundako, amene amanditcha "a Digiri." Ananena za sitima, ine ndinamva zonse, ndipo njanji ndinali nditatembenuza kale. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, iwo amvekere, "Bwerezani pang'onopang'ono, a Digiri, mwina ku yunivesite phunziro limenelo simunafikepo."

Ndinawauza kuti ndamva, sindine chinkhwe. Ndinaika foni pansi.

Anaimbanso kanayi. Ine ndinakhala pa mpando wa bambo uja n'kumaiyang'ana ikulira. Sitima inaima kumtunda maola atatu, dzuwa lili pamutu, anthu ali thithithi m'mabogi. Munali azimayi a tomato, zonse zinaphwetekera m'madengu. Munalinso bambo wina amene ankapita naye kuchipatala. Akuti anafika ali moyo. Ndinafunsa kawiri.

Lolemba anabwera woyendera wochokera ku likulu. Anandiimitsa ntchito mwaulemu kwambiri, mpaka kundifunsa za mwendo wa amayi. Kenako anandikumbutsa kuti nyumba tikukhalamoyi ndi ya ogwira ntchito pa njanji, ntchito ikatha makiyi amabwezedwa. Anati njira ilipo imodzi: ndikwere ya Lachisanu, ndikapepese kwa a Chipewa pamaso pa anzawo onse, ndiponso ndikanene lamulolo mokweza kuti aone ngati ndikulikumbukira.

Amayi sindinawauze, koma iwo sitima amaidziwa ndi khutu. Anadikira mpaka ndikuwatikita mwendo, ndiye anati, "Bambo ako anabwereza zaka makumi atatu, lilime silinathothoke." Anawonjeza kuti m'nyumba muno analowa ali mtsikana, ndipo adzatulukamo atanyamulidwa, osati ndi mtolo pamutu. Ndinapitiriza kutikita.

Chimene sindinauze woyendera uja ndi ichi, achimwene. Chisoni sindikuchimva. Ndachifunafuna mumtima, mulibe. Maola atatu aja, foni ikulira ine osaigwira, ndi mpumulo wokhawo umene ndaupeza chichokereni kusukulu. Munthu wotero sayenera kusiyidwa yekha ndi njanji, zimenezo ndikuzidziwa ndine mwini.

Lachisanu ndipita. Ndikavala diresi ya kutchalitchi, ndikapepesa, ndikabwereza mpaka a Chipewa akhute. Kamodzi ndingathe. Kachiwiri sindikulonjeza.

Choncho musanditumizire malangizo, kuno alipo ambiri. Bwerani nokha mvula isanayambe, mudzakhale pansi ndi amayi, mudzawauze kuti chipinda kwanu chilipo. Ine adzangondiyankha ndi nkhani ya lilime, koma inu amakumverani, poti ndinu mwana amene simunawatopetse. Ndikufuna achoke muno mwana wawo atawagwira dzanja, osati mlonda atagwira loko.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, akupatseninso tchuthi, chifukwa zaka zonsezi akuoneka kuti wakumanani.

Ndine mlongo wanu,
wa pa siteshoni