Mphindi Zitatu za ku Khonsolo

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Landover, ku America, tili bwino, bondo lija lasiya kuvuta.

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Lachiwiri ndinapita kumsonkhano wa khonsolo kukafunsa kumene kunapita ndalama za magetsi a sola a mumsewu wathu. Aliyense amapatsidwa mphindi zitatu zokha. Ine ndinayamba mwakwathu, kupereka ulemu kwa apampando ndi makhansala mmodzimmodzi. Belu linalira ndisanafunse kanthu! Ndinachita manyazi, koma apampando anangoseka n'kundilola kufunsa. Anationetsa mapepala a ndalamazo pomwepo, ndipo dzulo anayamba kuzika mapolo.

Ndiye inunso kafunseni za thiransifoma anakulonjezani ija. Koma chonde, funso patsogolo, moni pambuyo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Nachisale