Nélia Anasiya Komando

Lamulungu, 9 Novembro

Furancungo ndi kubwerera. Matope okhaokha, mota, njinga yanga ya moto, yazima kawiri. Mwana wanga Nélia ndamupeza ku baraka, kashopu ka Julião, pa jogo, masewera a ndewu a pa kanema, komando yosewerera ili m'manja, anyamata atamuzungulira. Zaka khumi ndi zitatu, koma akuwagwetsa onse. Moni wake kwa ine, wa mlendo. Chithereni banja ndi amake, mwana wobala ndekha ndimachita kupempha. Ndi chikamwini chimenecho.

Amalume ake a Bernardo akufuna kumutengera ku Tete, akaphunzire konko. Akapita, wapita. Ndamupempha ayambe wadzakhala kwathu ku Tsangano pa feriyasi, tchuthi cha sukulu, mwina angakonde sukulu ya kuno. Wayankha maso ali pa kanema: "Mukandigonjetsa pa jogoyi, Ababa, ndibwera." Anyamata kuseka. Ndavomera.

Lachinayi, 13 Novembro

Mng'ono wanga Arsénio wandibwereka foni, jogo yomweyo ilimo. Zala za khasuzi galasi silikuzimva. Ndakhula chala ndi mwala wotsukira mapazi mpaka kuwawa. Kachewere akufuna kupopera mankhwala, mwini munda ali pansi pa mtengo kumenyana ndi zidole. Munthu wa ndevu zake. Ndilibe njira ina.

Lachitatu, 26 Novembro

Ndawagwetsa onse a mufonimo. N'zosavuta: ukangokhwekhwereza chala, munthu wako amalumpha yekha, chibakera, theche, mdani pansi. Ndasesa kachipinda kakumadzulo. Mphasa yatsopano, neti ya udzudzu. Mtima mbee.

Loweruka, 6 Dezembro

Arsénio wayang'ana foni, waseka mpaka misozi. Masabata onsewa inali pa "fácil", ya ana. Akuti pa foni makina amakumenyera okha, pomwe komando ya pa kanema ili ndi mabatani ambirimbiri: la dzanja, la mwendo, lotchingira, ndipo umadina awiri atatu nthawi imodzi. Osanena kale bwanji? Wandijambulira pa dothi. Ndayeserera pa chitsononkho, zala kumangopingana.

Mpikisano wanga ndi Nélia ndi mawa. Ndikuopa.

Lamulungu, 7 Dezembro

Baraka yodzaza. Nélia anati timenyana katatu, ndikapambana kamodzi kokha zatheka.

Komando yoterera, thukuta. Ndikati ndimenye, munthu wanga akunjuta. Ndikati nditchinge, akulumphira kumbuyo. Koyamba pansi. Kachiwiri pansi, osamukhudza n'komwe.

Kachitatu Nélia anaika komando pa miyendo, manja n'kupinda. Munthu wake anangoima, wanga akumukuntha. Julião anakuwa kuti mdala akuwina, baraka yonse phwete. Manyazi anandigwira, ndinapsa mtima. Ndinati, "Sindine wopemphetsa ine. Tola komandoyo umenye."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatola. Sindinaone n'komwe momwe anandimalizira. Anatuluka osatsanzika.

Ulendo wonse wobwerera ndimadziuza kuti ndachita chamuna.

Lolemba, 8 Dezembro

Zandifikira m'munda, khasu lili m'mwamba. Sichinali chisoni chija. Mwanayo amafuna kubwera. Pakamwa sakanatha kunena, poti za baraka zimakafika kwa amake ndi amalume, ndiye ananena ndi manja, pamaso pa anthu onse. Ine n'kumukana. Chitsiru cha munthu.

Ndaimbira amake, Rita. Mawu ozizira: chikwama chamangidwa kale, akwera shapa, minibasi ya ku Tete, mawa m'mamawa. Ndinati mundipatse ndilankhule naye. Akuti wakana.

Mvula chiyambire masana. Mafuta theka la thanki. Arsénio akuti mitsinje yadzaza, ndidikire kuche. Kukacha ndiye kuti wapita.

Mota ndaitulutsa kale panja. Ndikamupeza sindikudziwa ndikayambira pati, koma ndikupita.