Achimwene akuti tigulitse injini tikagwire mtengo wa golide

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 41. Ndimagula usipa kudoko la Nkhudzi, kuumitsa, n'kukagulitsa ku Limbe. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma pa mitengo ya nsomba palibe amene amandipusitsa. Zimene ndaona mwezi uno zandizunguza mutu, ndipo ndilibe woti ndimuuze osandiseka.

Achimwene anga a Atumani anabwera kuchokera ku Joni patatsala masiku ochepa kuti tidye Idi. Anzawo amabwera ndi mabulangete ndi njinga, iwo anangobwera ndi foni. Tsiku lina tili pakhonde pa mayi athu kwa Mponda anandiitana, amvekere, "Chemwali, tabwerani mudzaone dziko." Pafonipo panali kamzere kobiriwira, kakukwera n'kumatsika osapuma. Anati umenewo ndi mtengo wa golide, ndipo nthawi yomweyo anthu a ku Amereka, ku Dubai ndi ku China akukayang'ana kamzereko monga ifeyo. Aphungu, ndinagoma. Golide sindinamuonepo, koma apo ndinkamuona akupuma m'manja mwa mwana wa mayi anga.

Malondawo akuti ndi maopishoni. Golide weniweniyo sumugula ayi. Umalipira kandalama kochepa kuti ukhale ndi ufulu womugula pamtengo umene mwagwirizana, ngakhale atakwera chotani. Ndinawadula mawu: "Achimwene, si chikole chimenecho?" Paja ife kudoko timatero. Mwezi ukayamba kuwala usipa umasowa ndipo mtengo umakwera, ndiye ine ndimapereka chikole kwa mwini chilimira, khoka lophera usipa, mdima udakalipo, n'kugwirizana kuti ndowa khumi zoyamba ndi zanga pamtengo wakutiwakuti. Achimwenewo anaomba m'manja. "Mashallah! Inu ndinu katswiri kale, mwangosowa foni." Anandionetsanso sabata ina imene ndalama zawo zinachuluka katatu m'masiku anayi okha, atangokhala pampando.

Ndinawapatsa K150,000 ya mpamba wanga. Golide sanakwere, ndipo Lachisanu foni inalemba kuti zatha. Ine sindinade nkhawa, chifukwa kwathu bwato likabwera lopanda kanthu chikole chimadikira ulendo wa mawa, ngakhale mwezi wathunthu. Lachiwiri lotsatira achimwene anandiimbira n'kutchula kuti golide walumpha. Ndinasiya usipa pathandala, n'kukwera minibasi ya kwa Mponda kuti ndikatenge phindu langa. Nditafika anandiyang'ana mwachisoni. "Chemwali, chanu chija chinatha Lachisanu." Ndinafunsa kuti wadya ndani. Anati palibe wakuba, tsiku lake linangokwana. Ndinapempha nambala ya munthu amene analandira chikolecho kuti akuluakulu atikhazike pansi. Anati munthuyo sadziwika dzina, mtundu, ngakhale dziko.

Tsopano akuti tinaima mbali yolakwika. Wochenjera ndi wolandira chikole, osati wopereka, chifukwa zikole zambiri zimatha ngati changa chija, ndalama n'kutsala kwa iye. Koma kuti akulole kulandira umayenera kusungitsa ndalama zambiri. Ndiye akufuna tigulitse injini ya bwato imene anatisiyira malemu amalume athu. Bwato limenelo likudyetsa makomo atatu: langa, la mayi ndi la mng'ono wanga Esime amene ndi wamasiye. Wogula wapezeka kale, a Simioni a ku Monkey Bay, ndipo abwera kumapeto kwa mwezi uno. Mayi anangowauza achimwene kuti, "Mufunse mlongo wako, akavomera ine ndilibe mawu."

Kunena zoona, Aphungu, chinthucho chikundigometsabe. Ndikamapala nsomba ndimaganiza za kamzere kaja, kuti anthu anaganiza bwanji mpaka kugulitsana nthawi ngati tomato. Ndiye kukayika kwangaku ndi nzeru, kapena ndi umbuli wa munthu wa kudoko? Ndivomere?

M.I., Nkhudzi

Mayi M.I.,

Musavomere. Ndayamba ndi yankho kuti ngakhale mutatopa ndi kuwerenga mukhale mutalimva.

Kugoma kwanuko sindikukusekani. Inenso zimandidabwitsa kuti msika umodzi ungakwane m'thumba la malaya. Ndipo umbuli mulibe: zimene ena amakaphunzira ku koleji inu munazizindikira pakhonde musanamalize kapu ya tiyi. Chimodzi chokha ndicho chinakudutsani. Chikole cha kudoko chimamangidwa pa munthu amene mumamudziwa, n'chifukwa chake chimadikira. Cha pafoni chimamangidwa pa tsiku. Mumagula nthawi, ndipo tsiku lililonse imasungunuka ngati ayezi wa m'bokosi la chambo. Kulosera bwino kuti golide akwera sikokwanira. Ayenera kukwera mokwanira, komanso tsikulo lisanadutse. Inu munalosera bwino, munangochedwa ndi masiku anayi, ndipo kumeneko kuchedwa n'chimodzimodzi kulakwa.

Tsono mbali imene achimwene anu akuisirira ndiyo yoopsa kwambiri. Taganizani mwini chilimira amene walandira chikole cha ndowa khumi, bwato n'kubwera lopanda kanthu, mtengo utakwera kawiri, ndipo wogula sakufuna kumva za mawa. Ayenera kukagula usipawo pamtengo wa lero n'kuupereka pamtengo wa dzana. Kudoko angapepese, akuluakulu angamuchonderere. Pafoni kampani imangotapa pa ndalama zimene anasungitsa, osamufunsa n'komwe. Inu monga wopereka chikole munataya zimene munapereka, basi. Wolandira amatola pang'onopang'ono milungu yambiri n'kumadziona ngati dolo, kenako tsiku limodzi limasesa zonse, nthawi zina n'kumusiyiranso ngongole.

Chitani izi. Muwaitane a Atumani pambali, inu ndi mayi okha, osati pagulu, chifukwa mwamuna wochokera ku Joni ndi foni yokha amakhala ndi manyazi ake amene sanena. Muwapemphe akuonetseni malonda awo onse chiyambire, osati sabata imodzi yokoma ija. Munthu aliyense amaonetsa ulendo umene bwato linadzaza. Muwapemphenso atapeko ndalama pang'ono zifike m'manja mwanu muzione ndi maso. Pali makampani ena a pafoni amene khomo lolowera ndi lalikulu koma lotulukira kulibe.

Kenako mupite limodzi kubanki ku Mangochi mukafunse ngati kampaniyo ili ndi chilolezo, komanso zimene malamulo amanena pa kutumiza ndalama kunja. Poti ndinu Asilamu, kafunseninso ashehe anu. Malonda otere ambiri amawakayikira, ndipo ndi bwino mumve lero kusiyana n'kudzamva mutalowa kale.

Ngati chidwi chikadalipo, makampani ambiri ali ndi malo oyeserera a ndalama zongoyerekeza. Yeserani miyezi itatu. Mukadzafuna kuikapo zenizeni, ikani zokhazo zimene zitatayika ana adyabe ndipo mpamba sugwedezeka. Musanalowe, gwirizanani kuti zikakwera kufika pati mutuluka, zikatsika kufika pati mutuluka, ndipo osasintha maganizo pakati panjira. Kulandira chikole cha chinthu chimene mulibe, kumeneko musayandikireko.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kumapeto kwa mwezi. Wogula akafika ndi ndalama m'manja, achimwene ali pomwepo, mayi ali chete, pakamwa panu padzalemera ndipo mudzavomera chifukwa cha ulemu. Aimbireni a Simioni lero, inuyo mwini, muwauze kuti injiniyo siyogulitsa. Achimwene akwiya, mwina mpaka Idi inayo. Mkwiyo wa mlongo umaphwa, mayi, koma bwato lopanda injini limaolera pamchenga makomo atatu akuliyang'ana.

Aphungu