Moto wa Mbewa M'chifuwa mwa Achimwene

Lachinayi madzulo. Lero ndabwerako kukamwa kuli yasa.

Ndinapita kuchipatala ndi botolo la jinja, adyo ndi ndimu kuti achimwene awonjezere chitetezo cha m'thupi. Korona yawagoneka pa okosijeni, munthu amene amanyamula yekha belo la fodya ku esiteti. Chonsecho amayi, ndi ukalamba wawo uja, anangotsokomola masiku atatu, lero akuswa mtedza.

Adokotala anandiimitsa pakhomo la wodi, ndipo ndinawafunsa kuti zimenezi zikutheka bwanji.

"Achemwali, kachilomboko kachepa kale," anatero. "Chikuwabanikitsa tsopano ndi chitetezo chawo chomwe. Chamenya nkhondo mopyola muyeso mpaka mapapo atupa. Paja anthu akatentha tchire posaka mbewa, mbewa zimatha koma moto umapitirira mpaka kunkhokwe. Mankhwala tikuwapatsawa ndi ozimitsa motowo."

Ndinangoyang'ana botolo langa. Anzanga akuzimitsa, ine kuthamanga ulendo wonse wochokera kwathu ku Kapondo n'cholinga chokoleza!

Mulungu, thupili munaliumba bwanji, kuti mlonda n'kuwotcha nyumba imene akuilondera? Botolo lija lili pano patebulo. Inenso ndili naye mlonda yemweyo m'chifuwamu, ndipo sindikudziwa ngati tsiku lina...