Ubatizo wa Tamanda ndi nkhondo ya mafumu akale

Amayi, kodi kumeneko zikukuyenderani bwanji?

Ine kuno kutsidya kwa nyanja, ku Scarborough, mtima sukukhala m'malo. Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu anabadwa mu Epulo, kuzizira kukutha. Ndi wamkazi, tamutcha Tamanda. Akakwiya amakwinya pamphuno ngati mmene munkachitira inu. Achimwene akuti mtedza wa m'munda mwanu wachita bwino, koma denga la khitchini linagwa ndi mvula.

Chandisowetsa mtendere ndi ubatizo. A Filipo, bambo ake a mwanayu, mukudziwa kuti ndi Mkatolika, ndipo akufuna akabatizidwe kwa ansembe. Atate kumudziko atumiza mawu oti mdzukulu wa iwo, mkulu wa mpingo wa Nkhoma, akapita kwa Aroma, ine ndisadzapondenso pakhomo pawo. Inu mukanakhalapo mukanawaziziritsa. Paja munkati pamaliro simufunsa kumene malemu ankapemphera, mumangosenza ufa n'kupita.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo awiri ochokera ku Ireland, a Wilson, Mpolotesitanti, ndi a Doyle, Mkatolika. Sadyera tebulo limodzi. Mu Julaye a Wilson anavala lamba wamtundu wa lalanje, n'kundipempha ndiwakankhe panjinga yawo akaonere pa TV anzawo akuguba ndi ng'oma m'tauni. A Doyle anawagenda ndi kapu ya tiyi. Ndikuwapukuta magazi pachipumi ndinawafunsa chimene analakwirana. Akuti iwowo palibe, nkhani ndi ya mafumu a zaka zoposa mazana atatu zapitazo. Mfumu ya ku Mangalande inali ya Chikatolika. Itabereka mwana wamwamuna, nduna zake zinaopa kuti ufumu ukhala wa Akatolika mpaka kalekale, ndiye zinaitana mkamwini wake, Mpolotesitanti, kuti adzalande mpando. Anamenyana pamtsinje wina ku Ireland, anthu anafa, mpongozi n'kuthawa. Kuguba kwa anzawo a Wilson kuja n'kokondwerera kupambana kumeneko. Chonsecho mkamwiniyo analinso mwana wa mlongo wake wa mfumuyo! Ndinachita kukumvani mukuti, "Nanga si mwana wa mlongo amene amalowa ufumu? Akanangodikira maliro."

Ndinaseka, koma kenako ndinakumbukira Tamanda. Amayi, zonsezo zinabuka chifukwa cha khanda lomwe linali likuyamwa. M'basi pobwerera ndinalephera kukhazikika, mpaka ndinatsika ndisanafike, n'kumalizitsa wapansi.

Nditafika ndinawauza a Filipo kuti sindikufuna mwana wanga akule anthu akumukokerana ngati nyama ya pamaliro. Tinakangana, chakudya chinazizira patebulo. Iwonso ali ndi mayi awo ku Dedza amene akudikira. Pomaliza ndagonja ndine. Tamanda abatizidwa Lamulungu likudzali kwa ansembe, koma a Filipo avomera kuti ndizipita nayenso kumpingo kwathu, aphunzire nyimbo zanu zija. Atate ndawalembera kale. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Ntchito ndikugwira, koma maganizo ali kumudzi.

Inu amene mwafika kale, kodi kumeneko a Nkhoma ndi Aroma amakhala mosiyana? Mundiuzeko, ngakhale m'maloto.

Ndimakukondani, Amayi. Tamanda akayamba kuyenda ndibwera naye. Tidzayambira pamanda panu kuti mumuone, kenako ndidzamugwira dzanja tikaodire kwa atate. Ine akhoza kundibweza, koma ndikufuna ndidzaone ngati angabweze iyeyu.

Mwana wanu,
Esinati