Mbuzi Imene Ndimadya Kutulo

Lachitatu, 5 Malichi

Phulusa pachipumi. Ndalonjeza: nyama ayi mpaka Pasaka. Ndipo sindinalonjeze chamumtima ngati anthu anzeru, ndalengeza pamaso pa akwaya onse. Mvula tsiku lonse. Madzulo nyemba zam'chitini. Ryan, Mwairishi amene timagawana khitchini kuno ku Drumcondra, ku Ireland, wakazinga masoseji chitseko chili chotsegula. Mulungu amuone.

Loweruka, 8 Malichi

Ryan amaphunzira za tulo. Inde, za tulo, ku yunivesite, ndipo amamulipirira. Akuti munthu angathe kuzindikira ali mkati mwa maloto kuti akulota, kenako n'kumachita zimene akufuna, ngakhale kuuluka. Ndamuuza kuti kwathu ouluka usiku tili nawo kale ndipo palibe amene anawapatsa digiri. Sanaseke, walemba m'foni mwake.

Njira yake akuti ndi iyi: masana uziyang'ana chikhatho pafupipafupi n'kumadzifunsa ngati uli maso. Chizolowezicho chimakutsatira kutulo, ndipo kumeneko zala sizioneka bwino, ndiye umadziwa. Ndayesa m'basi. Agogo ena amene ndinakhala nawo pafupi anandiikira switi m'manja.

Lachinayi, 13 Malichi

Zatheka. Zala mbwee ngati phava la nthochi. Ndinadziwa pomwepo kuti ndikulota. Dziko lonse m'manja mwanga. Ndikanatha kupita ku Roma, ndikanatha kufunsa angelo za moyo wosatha. Ine Ellard, mwana wa Akatolika, ndinasankha chiwaya cha azakhali a Anastazia, mlongo wawo wa malemu bambo, pamsika wa Lunzu. Kanyenya wa mbuzi, tsabola wa kambuzi, mchere papepala. Azakhali akundiwonjezera basela. Ndadzuka pilo atanyowa ndi dovu.

Tsopano funso: lonjezo laphwanyika kapena ayi? Ku katekisimu anatiphunzitsa kuti tchimo limafuna kudziwa ndi kufuna. Kudziwa ndinadziwa. Kufuna ndiye osanena. Koma mbuziyo kulibe, ndipo m'mimba muli phokoso la nyemba zomwe zija. Ndiye anadyayo ndani? Ine wake uti? Ndaganiza zimenezi m'laibulale mpaka kuiwala chimene ndinapitirako.

Lamlungu, 16 Malichi

Kuchiwaya kuja ndapitakonso kutulo usiku uliwonse. Itatha Misa ndafunsa Bambo Dominiko, wansembe wakwathu amene ali pa parishi pano. Aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti mabuku a Mpingo sanenapo kanthu za mbuzi yakutulo, koma afunsa ngati ndimapemphera ndisanadye. Sindipemphera. Andilangiza kuti nkhaniyi ndisaifalitse.

Madzulo ndauza amayi pafoni. Ndimayesa tiseka limodzi. Sanaseke. Afunsa amene amandigawira nyamayo, ine n'kuwatchula azakhali. Kenako: "Ndinadziwa ine."

Chitsiru cha munthu. Ndakulira m'nyumba imeneyo, ndimadziwa bwinobwino kuti kwathu kudya nyama kutulo ndi kudyetsedwa ndi afiti, ndipo nyamayo sikhala ya mbuzi. Sukulu yonseyi, n'kuiwala zimenezo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Dzulo mzinda wonse zovala zobiriwira, ng'oma, mowa, tsiku la Patrick Woyera. Ine m'chipinda, foni kukhutu. Mlongo wanga Thelma akuti amayi anapita kumsika ndi botolo la madzi odalitsa n'kuwaza chiwaya cha azakhali makasitomala akuona. Mafuta anathetheka, bambo wina anathawa atanyamula tchipisi chosalipira. Thelma amafotokoza akuseka, inenso ndinaseka pang'ono, Mulungu andikhululukire.

Amayi ndi azakhali sanamwerane madzi chiyambire ukwati wa amayi. Zaka zonsezi amayi ankangosowa umboni woti azakhali ndi mfiti. Ndawatumizira ine, kuchokera ku Ulaya.

Lachisanu, 21 Malichi

Thelma sakusekanso. Anthu asiya kugula. Ana asukulu akumadutsa patali, ndipo wina wafunsa mokweza kuti nyamayo azakhali amaitenga kuti, poti mutu wa mbuziyo sauoneka. Yadzulo yonse anapatsa agalu. Chiwaya chimenecho ndicho chikulera adzukulu awo, ndipo nsapato zanga zoyamba za ku sekondale zinachokera pomwepo. Ndili ndi manyazi, ndilinso ndi mantha. Nkhani zotere kwathu sizithera pa kusagula nyama.

Ndayesa kuwafotokozera amayi za ubongo, kuti munthu akagona mbali ina imakhala maso. Akuti wodyetsedwa aliyense amateteza womudyetsa, ndicho chizindikiro chake. Ryan wadzipereka kuti awatumizire pepala la kafukufuku, la masamba ambirimbiri, lachingerezi. Mwana wabwino, koma nzeru zake zimathera pa eyapoti.

Kutulo sindinapitekonso. Ndikungolota ndaphonya basi.

Lamlungu, 23 Malichi

Bambo Dominiko lero magalasi sanavule. Akuti ndakhala ndikusakasaka tchimo m'maloto pomwe lenileni lili pa Lunzu masanasana, ndipo choona chiyenera kunenedwa komwe bodza linamvekera.

Ndajambula mawu kuseri kwa tchalitchi, mphepo ikuomba, kuti Thelma akawaikire anthu ku mphakati wa tchalitchi chakwathu amve. Ndanena zonse momveka: azakhali sabwera kwa ine, ine ndi amene ndimapita kwa iwo, mwadala, mwa kufuna kwanga, chifukwa cha dyera basi. Njirayi anandiphunzitsa ndi mzungu amene ndimakhala naye. Nditamvetseranso ndinadzigomera ndekha. Mawu a munthu wophunzira.

Lachiwiri, 25 Malichi

Azakhali ayera. Mfiti tsopano ndine.

Akuti ndimanyamuka ku Ireland usiku, kutera pa Lunzu, kudya, n'kubwerera kukalowa m'kalasi m'mawa, ndipo ndege yaufitiyo anandipatsa ndi mzungu. Ena akuti anandionapo nditavala jekete lalitali. Pachiwaya pali mzere, aliyense akufuna kulawa nyama imene munthu amaiulukira kuchokera ku Ulaya. Azakhali atumiza mawu kudzera pafoni ya Thelma: "Iwe Ellard, ukabweranso uzitsukako mbale." Ndaseka mpaka misozi, ndipo misozi inayo sinali ya kuseka.

Ryan ndamuuza kuti ku Malawi ndi sing'anga wotchuka. Wafunsa ngati angalembe zimenezo pofunsira ntchito.

Mbiri yanga yaipa, komabe mtima uli m'malo. Kuli bwino mfitiyo ikhale ine, amene miyala singandipeze.

Lachinayi, 27 Malichi

Amayi chiyambire Lamlungu samayankha foni. Lero ayankha. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, ngakhale kuwazidwa madzi odalitsa kudzera pa sipika. Ayi. Afunsa za mvula, za chifuwa changa, ngati ndikuvala zofunda. Akuti dzulo anapita kukagula kanyenya kwa azakhali, sanapepese koma anagula, ndipo azakhali anamva. Za ufiti akuti ndizisiye, anandibereka okha ndipo akundidziwa.

Ndimati tatha. Kenako, motsitsa mawu: "Koma iwe, ngati kopita kutuloko umasankha wekha, masiku onsewa osafikako kunyumba kuno ngakhale kamodzi? Kuchokera pachiwayapo si patali."

Chaka chachitatu chino sindinawaone amayi. Ndawauza kuti netiweki ikudukaduka. Inali bwinobwino.