Mizere Itatu Imene Sindinanene

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Pa maliro paja ankatsokomola kwambiri, koma mutu wanga sunali pamalo kuti ndifunse. Kuno tilipo. Miyendo ikutupabe, koma ndikudya, usade nkhawa. Mlongo wako amabwera Loweruka lililonse kudzandikalipira kuti ndizituluka panja.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandiyankha ndisanamalize kulankhula. Iyi uiwerenge yonse.

Papita mwezi ndi theka chichokereni bambo ako. Zoti anagundidwa ndi lole yonyamula miyala, ali pa njinga kuchokera kogula nyuzipepala, ukuzidziwa. Chimene mwina sukudziwa ndi chimene ndinachita ine iwe utabwerera kuntchito.

Kunabwera wapolisi uja bambo ako ankamutchula kuti Labala, wamtali uja ananyamula nawo bokosi. Anali wophunzira wawo ku sukulu ya apolisi, ndipo dzinalo analipeza chifukwa ankafufuta mpaka pepala kubooka. Pano ndiye amaona za ngozi za pamsewu pa siteshoni yathu. Anavulira chipewa pakhomo. Nditamulozera mpando wa bambo ako anakana, akuti iye sangakhale pamene ankakhala aphunzitsi, n'kukoka kasitulu ka kukhitchini. Anati wadzibweretsa yekha kuti ndisakavutike pa benchi la ku siteshoni.

Anandifunsa nthawi imene bambo ako anatuluka, zimene anavala, ndiponso ngati njingayo inali ndi mabuleki. Ndinayankha, iye akulemba. Atandiwerengera, zonse zinali zoona. Kenako analoza pansi penipeni pa pepala kuti ndisaine. Kuchokera pa mawu anga omaliza kufika pamene panali chala chake, panatsala malo oyera okwana chikhatho changa.

Mwana wanga, bambo ako anaphunzitsa kalembedwe ka sitetimenti zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo manotsi awo onse ndinkataipa ndine, pa makina a ku laibulale kuja ndinkagwira ntchito. Phunziro lachinayi ndinachita kuliloweza. Mboni isaine pansi pomwe pa mawu ake omaliza, ndipo malo otsala adulidwe mzere kuti wina asaonjezepo kanthu. Iwe ndi mlongo wako munkawaseka chifukwa ankadula mzerewo ngakhale pa kapepala kokutumani ku golosale.

Malowo ndinawaona. Ndinadziwa kuti n'kulakwa. Ndinasainabe.

Ndinali wotopa, n'zoona. Koma chenicheni n'chakuti ndinachita manyazi kukayikira munthu amene phewa lake linali litangosenza bambo ako. Ankanditchula kuti amayi pa chiganizo chilichonse.

Lachiwiri lapitali ndinapita ku siteshoni kukatenga lipoti limene akulifuna ku ofesi ya penshoni. Labala kunalibe. Wapolisi wamkazi wa pa kauntala anafunafuna pepalalo osalizindikira, mpaka anangondipatsa faelo yonse kuti ndidzipezere ndekha. Ndinamufunsa kuti anaphunzira miyezi ingati. Anati inayi, yambiri inathera pa perete, za sitetimenti anangophunzira masana awiri, mphunzitsi wake akuwerenga m'buku. Ndinamumvera chisoni, koma faeloyo ndinaitsegula.

Malo oyera aja anali atadzaza. Dzanja lomwe lija, cholembera chomwe chija, koma zilembo zopanikizana kuti zikwane. Inali mizere itatu. Akuti ine ndinanena kuti malemu anadzuka akudandaula chizungulire, kuti ndinawaletsa kukwera njinga koma anakana, ndiponso kuti banja silikuimba mlandu munthu aliyense. Pansi pake, saini yanga.

Bambo ako anadzuka akuimba tsiku limenelo. Anapopa okha matayala, n'kundiseka kuti tiyi wanga wachepa shuga ngati wa kuchipatala. Chizungulire sanachitchulepo chibadwire.

Pobwerera ndinadzera kwa amayi osoka aja a pakhonde la golosale, pafupi ndi pomwe zinachitikira. Anaimitsa makina atandiona. Anati iwo anaona zonse: lole inabwera ikuthamanga, inakhotera kumbali pozemba dzenje, ndipo dalaivala anatsika foni idakali m'manja. Ndinafunsa ngati anauza apolisi. Anaseka kuseka kowawa. Anati apolisi anabweradi atatu, mmodzi anayeza msewu ndi mapazi, wina anaima pamthunzi, wachitatu ndiye anabwera kwa iwo kudzafunsa ngati amafupikitsa mathalauza.

Amayiwo anandifunsanso ngati ndinayang'ana pansi polowa ku siteshoni. Ndinali nditayang'ana. Bwalo lija linkakhala matope okhaokha athirapo miyala yatsopano, yoyera, mpaka pa geti. Galimoto ya apolisi ija inakhala pa njerwa chaka chathunthu, pano ili ndi matayala onse anayi. Sindikunena kuti ndikudziwa kumene zachokera. Ndikungoti ndinayenda pa miyalayo popita ndi pobwera, ndipo inkandilasa kudutsa m'nsapato.

M'mawa mwake Labala anali pakhomo. Sindikudziwa anamuuza ndani. Ulendo uno chipewa sanavule. Anati amayi musadzivutitse, mizere imeneyo ndi yongotsekera faelo, aliyense amatero, cholinga n'chakuti musamakokedwe kukhoti pa msinkhu wanuwu. Ndinamufunsa ngati n'zimene aphunzitsi ake anamuphunzitsa. Anati aphunzitsi anali munthu wa m'kalasi, kunja kuno zinthu zimayenda mwina.

Kenako ananena chimene chandilembetsa kalatayi. Anati nkhaniyi anakambirana kale ndi iwe. Akuti iwenso unati banja silikufuna zokokanakokana, makamaka pano pamene dzina lako lili pa mndandanda wa apolisi oti akwezedwe. Ananena akumwetulira, ngati akundiuza nkhani yabwino.

Za kukwezedwako unatiuza ine ndi bambo ako basi, patebulo pano, n'kutipempha kuti tisauze munthu. Ine sindinauze ngakhale mlongo wako. Ndiye Labala anazimva kuti? N'kutheka kuti zoterezi zimamveka pakati panu apolisi, ine sindidziwa. Ndayesa kudziuza zimenezo.

Koma maganizo akayamba sasiya. Ndakumbuka kuti pa maliro ndinakuonani awiri kuseri kwa galimoto, nthawi yaitali, mitu ili pamodzi. Ndakumbukanso kuti ndikatchula za ngoziyo pa foni umangoti amayi zisiyeni, pumulani. Kale ndinkamva chikondi m'mawu amenewo. Pano ndimawatembenuza uku ndi uku ngati nsalu yogula pa kaunjika, kufuna pamene pang'ambika. Ndawerenga mabuku ambiri a amayi amene anakayikira ana awo, ndipo nthawi zonse ndinkawaweruza. Undikhululukire ngati ndikukulakwira. Ine ndinalakwa poyamba, sindili pamalo okuloza chala.

Lolemba ndikupita ku ofesi yolandira madandaulo okhudza apolisi. Amayi osoka avomera kutseka makina awo tsiku limenelo kuti tipite limodzi, ngakhale akuti ku ofesiko tikapezanso a yunifolomu yomweyo. Ndalemba kalata yokana mizere itatu ija, ndipo ndavomerezamo kuti ndinasaina ndikuona malo oyera. Mwina sizipita patali. Koma sindingalole kuti m'faelo ya boma mukhale zoti bambo ako anafa chifukwa cha makani, ndiponso kuti wanena ndine.

Kalatayo yatsala ndime imodzi. Ndiyenera kulemba zonse zimene Labala ananena pakhomo pano, ndipo m'zimene ananenazo muli dzina lako. Ngati anakunamizira, ndilemba momveka kuti anagwiritsa ntchito dzina la mwana wanga pondiopseza, ndipo ndifuna iwenso ulembe yako. Ngati munakambiranadi, ndipitabe. Chimene ndidzachite ndi dzina lako ndiye sindikudziwa. Ndakhala nacho masiku awiri, cholembera chili m'manja.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi, ikupeza Lachisanu. Ndidikira mpaka Lamlungu dzuwa lisanalowe. Usatume apongozi anga kuti aimbe m'malo mwako, ndipo ukaimba usayambe ndi kufunsa za miyendo. Undiuze kaye ngati unalankhula naye zimenezi kapena ayi. Zina tidzakambirana pambuyo, ndipo chitseko cha nyumba ino sichidzakutsekera, kaya uyankhe chiyani.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti juzi anandisiyira ija ikundithandiza m'mawa. Ana uwapsompsone. Wamkuluyo umuuze kuti dikishonale ya agogo ake ndamusungira. Mulungu akusunge pa ntchito yako, akupatsenso mtima wondiuza zoona.

Ndine mayi ako,
amene ndikudikira foni yako.